Tsiku Limene Ndinaperekeza Lameki ku Makina Oyeza Bodza

2010

Tamanda ndi Mphatso, ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chake a Lameki Mbewe, omwe ankakutengani kukasewera mpira kupaki muli aang'ono, anasiya kubwera kwathu. Ndakhala ndikulizemba funso limeneli kwa zaka zambiri. Tsopano poti ndapuma pantchito ndipo masana amatalika, ndilemba zonse monga ndikuzikumbukira. Ndikulemba m'Chichewa mwadala. Pomwe mwakakamira mufunse amayi anu, m'malo momangondiyankha m'Chingerezi ngati ndine mlendo wobwera kudzakonza mpopi.

Ntchito ya ndende ndinailowa mu 2010 ndili munthu wamkulu kale, imvi zitayamba kuoneka m'mbali. Ndinali ndi digiri imene ndinaivutikira ku Salford kuno kudziko la azungu, ya kayendetsedwe ka bizinesi, koma bizinesi yokhayo imene inandiyankha inali kampani yoyendetsa ndende m'malo mwa boma. Sinditchula dzina la kampaniyo, la ndendeyo, ngakhale mzinda umene ili. Tinkakhala ku Bolton, m'nyumba zija zogundana khoma, amayi anu akugwira unesi kuchipatala, ine ndikukwera sitima kenako basi kukafika kuntchito. Chimene sindichiiwala pa masiku oyambawo ndi phokoso. Zitseko zachitsulo, makiyi pa unyolo, anthu mazana akukuwa nthawi imodzi. Ndinkafika kunyumba makutu akulirabe.

Wondiphunzitsa ntchito anali mayi wina wachizungu, a Doreen, amene anakalambira m'ndende momwemo. Anali waukali koma wosabisa mawu. Anandiuza kuti, "Kamwendo, usamuuze mkaidi dzina la mkazi wako. Usalandire ngakhale switi. Akakusekerera kwambiri, kalembe lipoti. Muno munthu samagwa chifukwa cha nkhanza, amagwa chifukwa cha ulemu." Ndinaona ngati ndi mawu a munthu wouma mtima. Koma ndinawasunga, ndipo anandisunga nawonso.

2013

Chaka chimenechi zinthu zinayamba kuthina. Antchito akale, a Doreen pamodzi ndi anzawo, anachoka, ndipo m'malo mwawo simunabwere anthu okwanira. Chigawo chimene kale tinkachiyang'anira anthu angapo tinayamba kuchigwira awiri. Kudya kunali kothamanga, tchuthi kupempha ngati ukupempha mkazi wa mwini. Nthawi yomweyo munalowa fodya wina wothiridwa mankhwala amene ankamutcha sipaisi. Anyamata amphamvu zawo ankangogwa m'makonde ngati nkhuku za chitopa, maso atatembenuka, thovu kukamwa. Munkalowanso timafoni tating'ono ngati chala chachikulu. Aliyense ankadziwa kuti zinthuzi sizimera m'selo. Pali amene ankazilowetsa, ndipo tinayamba kuyang'anana ndi diso lokayikira.

Anzanga anandisankha kukhala woimira yuniyoni, bungwe lathu la antchito, pachigawo chathu, osati chifukwa chondikonda, koma poti ndine wamakani ndipo mabwana sankandiopsa. Inuyo makani anga mukuwadziwa.

Lameki anabwera kudzagwira nafe ntchito chaka chomwecho. Ndi wa ku Ntcheu, wamng'ono kwa ine ndi zaka zambiri, mkazi wake nesi pachipatala chimodzi ndi amayi anu. Kutchalitchi kwathu ndiye ankatsogolera kwaya. Ndine amene ndinamuuza kuti kuntchito kwathu akufuna anthu. Ankanditcha achimwene, ndipo pamaso pa akaidi ankavutika kunditchula dzina monga malamulo ankafunira. Ulemu wake unali woposa muyeso. Makiyi ankalandira ndi manja awiri. Bwana akamalankhula naye, iye ankayang'ana pansi. Azungu ankamuseka, iye n'kumaseka nawo. Koma akaidi ankamumvera. Munthu wolusa amene ife tikanamugwira anayi, Lameki ankamulowetsa m'selo ndi mawu okha.

2015

M'chigawo chathu anabweretsamo mkaidi wachikulire wa ku Zambia, a Tembo, mutu wonse mbuu. Ataona dzina la Mbewe pachifuwa cha yunifomu, anaima pamzere wa chakudya n'kunena kuti, "Muli bwanji, mwana wanga?" Ine ndinali pomwepo ndipo ndinamva. Ndinayang'ana kumbali ngati sindikudziwa chinenerocho. Lameki anawerama pang'ono, dzanja pachifuwa, n'kuyankha kuti, "Tili bwino, bambo, kaya inu?"

Titapita kokamwa tiyi ndinamukalipira. "Iwe Lameki, usadzachitenso zimenezo. Muno si pamsika wa ku Lizulu. Akakupatsa moni, muyankhe m'Chingerezi, aliyense amve."

"Achimwene, munthu wamkulu ngati uja, wofanana ndi bambo anga? Andipatse moni m'chinenero chathu ine ndimuyankhe ngati mzungu? Si mwano umenewo?"

"Ndi mwano, inde. Chita mwanowo."

Anavomera ndi pakamwa. Koma m'mawa uliwonse a Tembo ankapereka moni, ndipo m'mawa uliwonse thupi la Lameki linkawerama lokha. Sizinkapitirira apo: mwadzuka bwanji, kunyumba ali bwanji, kukuzizira lero. Koma kwa munthu wosamva, zimenezi zinali nkhani zachinsinsi za mlonda ndi mkaidi. Tsiku lina pofufuza anapeza mafoni m'selo imene a Tembo ankagona ndi mnyamata wina. Sabata isanathe, mnzathu wina, sindikudziwa ndani mpaka lero, analemba lipoti loti Mbewe amalankhula ndi mkaidiyo m'chinenero chimene palibe amachimva.

Pa nthawiyo tinali ndi mkulu wa chitetezo watsopano, munthu wofuna kuoneka kuti akugwira ntchito. Ine ndi Lameki tinkamutcha a Chidazi, ndipo chifukwa chake simufunika kuuzidwa. A Chidazi anatisonkhanitsa n'kulengeza kuti kampani yapeza katswiri wa makina oyeza bodza, ndipo onse a chigawo chathu akupemphedwa kukayezedwa. Anabwereza kangapo kuti palibe akukakamizidwa. "Koma munthu wopanda chobisa," anatero akumwetulira, "sindikuona chimene angaope."

Ndikufuna mumvetse mmene malamulo analili, poti apa ndi pomwe panagona nkhani. Boma linali litayamba kugwiritsa ntchito makinawa pa anthu ena otuluka m'ndende, makamaka opalamula milandu yogwiririra, ndipo pa iwowo lamulo linalipo. Koma pa ife antchito, a ku likulu la yuniyoni anatiuza kuti palibe lamulo lotikakamiza, komanso palibe lamulo loletsa abwana kutipempha. Anatinso khoti silitenga zotuluka m'makinawo ngati umboni woti munthu wapalamula, chifukwa makinawo sayeza bodza. Amayeza kugunda kwa mtima, kupuma ndi thukuta. Ndiye tinali pamalo opanda mpanda: ukakana sunalakwe, ukavomera sunatetezedwe. Malangizo anali amodzi, tikane tonse pamodzi kuti pasaoneke wolozedwa chala. Tinakumana m'kantini, ine ndikutsogolera, ndipo aliyense anakweza mkono. Lameki anakweza wake mochedwa, ndipo sunafike pamwamba.

Lamulungu lotsatira titaweruka kutchalitchi anabwera kunyumba. Inu munali m'chipinda cham'mwamba. Anakana tiyi, chimene sichinachitikepo.

"Achimwene, ine ndikupita ku makina aja."

Ndinamufunsa ngati mutu wake ukuyenda bwino. Ndinamufotokozeranso zonse, mokweza mawu, mpaka amayi anu anatseka chitseko cha kukhitchini.

"Ndamva zonsezo," anatero. "Koma azunguwa akukana chifukwa palibe amene akuwaganizira. Dzina lili pa lipoti ndi langa. Ndikakana, aliyense adzati Mbewe wabisala kumbuyo kwa yuniyoni. Inuyo mukudziwa za kwathu. Kale akabweretsa mwabvi pamudzi, wokana kumwa ndi amene ankadziwika kuti ndiye mfiti. Wosalakwa ankachita kuupempha yekha."

"Nanga ndi angati osalakwa anamwa n'kufa?"

"Ine sindinalakwe, achimwene. Mulungu akudziwa. Makinawo adzaona."

"Makina alibe maso, Lameki! Ndi mawaya chabe. Iwe bwana akangokuitana dzina umatuluka thukuta. Umamwa mankhwala a BP. Ukaika dzina lako lonse m'manja mwa lamba ndi kompyuta?"

Anapotokola chipewa chake. Kenako ananena chimene anabwerera. "Sindinabwere kudzapempha chilolezo. Ndabwera kudzapempha kuti mundiperekeze. Kwathu munthu sapita yekha ku mlandu ali ndi mkulu wake."

Ana anga, pa zaka zonse zimene ndinagwira ntchito, palibe chimene chinandisautsa ngati pempho limeneli. Ndinali munthu amene anaima pamaso pa anzake n'kunena kuti tikane tonse. Ndikaoneka pakhomo la chipinda choyezera, ndiye kuti yuniyoni yavomereza, ndipo a Chidazi adzapeza chowakwapulira ena onse. Koma ndikakana, Lameki adzapitabe, yekha, pakati pa anthu amene sadziwa ngakhale chifukwa chake amayang'ana pansi. Ndipo ntchitoyo ndinamupezera ndine. Ndinakwiya naye kwambiri chifukwa chondiika pamalo amenewo, ndipo ndinamuuza kuti ndakwiya. Atachoka, amayi anu anangoti, "Atakhala Mphatso ali yekha kudziko la eni, mungafune mkulu wake atani?" M'mawa mwake ndinamuimbira Lameki kuti ndidzapita.

Anakonza kachipinda kena pafupi ndi maofesi. Katswiriyo anali munthu waulemu, wa tayi yobiriwira, ndipo anandilola kukhalapo pamene ankafotokoza. Anamumanga Lameki malamba awiri, wina pachifuwa wina pamimba, chopimira magazi pamkono, ndi timawaya kuzala. Anamuuza kuti akhale osagwedezeka, ayang'ane kutsogolo, ayankhe inde kapena ayi basi. Lameki anayankha kuti, "Yes, sir," maso ali pansi. Katswiriyo anati, "Mutu m'mwamba, chonde." Ndinaona mtsempha wa pakhosi pake ukugunda mafunso asanayambe n'komwe. Kenako anandipempha kuti ndituluke.

Anandiikira mpando pakhonde, pomwe aliyense wopita kukatenga makiyi ankadutsa. Sindikhulupirira kuti zinangochitika. Anzanga ankadutsa mmodzimmodzi, kundiyang'ana, kuyang'ana chitseko, n'kupitirira osapereka moni. Mmodzi yekha, Graham, amene tinkagawana naye shifiti kwa zaka, ndi amene anaima. Anati, "Iwe ndi amene unatiuza kuti tikane." Ndinati ndaperekeza m'bale wanga. Anati, "Ifenso timayesa ndife abale ako." Anapita.

Lameki anatuluka malaya atanyowa kumsana konse. Tili pa siteji ya basi anandiuza kuti funso limodzi linamusokoneza. Anamufunsa ngati anabisirapo mabwana ake chilichonse chokhudza mkaidi Tembo. "Ndinati ayi. Koma ndikunena choncho ndinakumbukira kuti tsiku lina a Tembo anandipempha kuti ndizipempherera mwana wawo wodwala ku Chipata, ndipo sindinalembe lipoti. Mtima unangoti phaa. Ndinafuna kufotokoza, koma anati inde kapena ayi basi. Achimwene, pempherotu si foni, eti?" Ndinamuuza kuti si foni. Basi inabwera, tinakwera.

Zotsatira zinati panali zizindikiro za chinyengo. A Chidazi anatiitana tonse awiri ndipo analankhula mofatsa kwambiri, ngati munthu wodzapepesa maliro. Anati kampani sikumuchotsa ntchito Mbewe, poti makina paokha si umboni. Anati angomuchotsa kaye pakati pa akaidi poyembekezera kafukufuku. Ndinamenya tebulo. Ndinati ngati si umboni, mukumuchotseranji? Anati ndi nkhani ya chitetezo, ndipo pa chitetezo safunika umboni, amafunika kusamala. Ndinapita nayo nkhaniyi ku likulu la yuniyoni. Anandimvera chisoni, koma anati munthuyo sanachotsedwe, malipiro ake sanadulidwe, ndipo anasaina yekha kuti akupita mwa kufuna kwake. Panalibe pogwira.

Anamulanda makiyi n'kumuika kuchipata chakunja, kumatsegulira magalimoto obweretsa buledi ndi mbatata, pamphepo. Ine anzanga anandichotsa pa udindo wa yuniyoni pamsonkhano wotsatira, ndipo sindinatsutse. Awiri mwa achinyamata anapita kukayezedwa a Chidazi atawafunsa kuti, ngati woimira wanu anafika pakhomopo, inu mukuopa chiyani? Zimenezo zinandipweteka, koma ndine wachikopa cholimba. Amene ankatha ndi Lameki.

2016

Kafukufuku uja sanathe, ndipo sindikudziwa ngati anayamba n'komwe. Koma mbiri inafika kutchalitchi. Ife Amalawi a kuno ndife ochepa, ndipo nkhani ikalowa m'chipatala pa shifiti ya m'mawa, pofika madzulo ili ku Salford ndi ku Bradford. Palibe ankanena kuti makina amayeza thukuta. Ankati, "Mwamva za a Mbewe? Makina a azungu awagwira." Anthu omwewa amene amakayikira dokotala, amakayikira a zanyengo, pa makina awa okha anakhulupirira ndi mtima wonse. Ndinakangana ndi mkulu wina wa mpingo pakhomo la tchalitchi mpaka amayi anu anachita kundikoka jekete. Iye ankangoti, "A Kamwendo, chitsulo chilibe kaduka. Chinganamizire munthu chifukwa chiyani?"

Palibe anamuchotsa pa kwaya. Anthu anangoyamba kusowa kokonzekera nyimbo, uyu shifiti, uyu mwana wadwala. Loweruka lina ndinamupeza m'holo ali ndi mkazi wake ndi mayi mmodzi wokalamba amene samva bwino, mipando yonse ataiyala. Lamulungu lotsatira anapempha kuti apume kaye. Chisanu chisanayambe analemba kalata yosiya ntchito kundende, ndipo banja lonse linasamukira ku Bradford, komwe anapeza ntchito yosamalira okalamba. Sanatsanzike mumpingo. Kwathu anabwera, koma anaima pakhomo osalowa.

2018

Mafoni ndi sipaisi sizinasiye kulowa Lameki atachoka. Zinachuluka. Pofika chaka chimenechi tinkadzionera tokha tindege tating'ono topanda munthu tikuuluka pamwamba pa mpanda, kukasiya katundu pazenera la selo. A Chidazi anali atakwezedwa n'kupita kwina, ndipo za makina aja palibe ankazitchulanso. Ndinaganiza kuti nkhani imeneyi ikamumasula mnzanga. Ndinakwera sitima kupita ku Bradford tsiku lina lamvula.

Tinakumana m'kanyumba kogulitsira tiyi pafupi ndi kuntchito kwake. Anali ataonda, yunifomu yabuluu ikumukhuthukira. Anandilandira ndi ulemu wake womwe uja. Ndinamufotokozera zonse, za tindege, za katundu amene akulowabe. Ndinati, "Waona? Aliyense tsopano akudziwa kuti sunali iwe."

Anapukusa mutu. "Zimenezo zikuyeretsa ndende, achimwene. Sizikundiyeretsa ine. Pepala lija likunenabe kuti ndinanama."

"Pepala limene palibe khoti lingaliwerenge!"

"Mkazi wanga analiwerenga." Anazunguza kapu yake patebulo. "Sanena kanthu. Koma ndikachedwa kuweruka amandifunsa kawiri. Ndipo inenso nthawi zina ndimakhala pansi n'kumaganiza, mwina pali chimene ndinachita chomwe ndinaiwala. Mwina a Tembo anandipatsira kanthu osadziwa ine. Thupi langa linadziwa chinachake, achimwene. Linanjenjemeranji?"

Mawu amenewo anandilasa kuposa chilichonse chimene a Chidazi ananenapo. Munthu amene sanabepo ngakhale supuni ya m'kantini anali atayamba kudzifufuza yekha ngati wakuba. Ndinafuna kulira, ndipo ndinafunanso kumugwedeza.

Kenako anasendera pafupi, nkhope itawala pang'ono. Anati wapeza katswiri wina ku Leeds, woyeza aliyense wofuna. Anati ulendo uno wakonzeka, waphunzira kupuma bwino, ndipo adzayang'ana kutsogolo. Pepala likatuluka loyera adzapita nalo ku Bolton, akaliwerenge pamaso pa mpingo. "Ndikungofuna mkulu wanga akhale pakhomo ngati kale. Mudzandiperekeza?"

Ndinamuyang'ana nthawi yaitali. Ndinaganiza za lamba uja pachifuwa, ndi mtsempha uja wa pakhosi, ndi chimene chidzatsale mwa iye makinawo akadzanenanso zomwezo.

"Ayi, Lameki. Kumeneko sindipita. Ndikuperekeza ku Bolton lero lomwe ngati ukufuna, tikaime tonse kutsogolo, ndikanene ndi pakamwa panga kuti ndiwe wosalakwa. Koma ku makina ayi."

"Pakamwa panu anthu akudziwa kuti mumandikonda. Makina sakonda munthu."

"N'chifukwa chake sindikupereka kwa iwo kachiwiri."

Anaimirira, navala jekete lake pang'onopang'ono, n'kubweza mpando pamalo pake bwinobwino.

"Mukuopa kuti andigwiranso," anatero. "Ndiye kuti inunso mukuganiza kuti chilipo."

Ndinati si choncho. Ndinanena kawiri, kachiwiriko mokweza mpaka mtsikana wogulitsa tiyi anatembenuka. Lameki anandigwira dzanja ndi manja ake awiri, nawerama pang'ono, n'kuti, "Muyende bwino, a Kamwendo. Mukapereke moni kwa ana." Aka kanali koyamba kunditchula dzina tili awiri. Anatuluka pamvula kubwerera kwa okalamba ake.

Sindikudziwa ngati anapita ku Leeds. Ndimamuimbira chaka chilichonse pa Khirisimasi, foni imaitana mpaka kuduka yokha. Ndiye ana anga, mukadzakumana nawo a Mbewe pena pake, pamaliro kapena paukwati, musadzadikire kuti ayambe ndi iwo. Mudzapite pomwe ali, mudzawapatse moni m'Chichewa, anthu onse akuona.